Makina Ofufuzira Zitsulo M'dera la Tiyi ku Thyolo: Mungafufuze Pati, Nanga Mupempha Ndani?

Mwina munaonapo mlonda pakhomo la banki kapena pageti la bwalo la mpira atagwira kachipangizo kakuda kooneka ngati chipande. Akakayendetsa m'mbali mwa thumba lanu, kamalira kuti "tiii" kakafika pomwe pali makiyi. Kachipangizoko kali ndi mkulu wake wa mpini wautali, wokhala ndi chinthu chonga mbale kunsonga, amene anthu amayenda naye m'munda kumvetsera zomwe zabisala pansi pa nthaka. Pa Chingerezi onse awiri amatchedwa metal detector. Ine ndizingoti makina ofufuzira zitsulo, kapena ditekita basi.

Masiku ano makinawa sakusowanso ngati kale. Nkhani za golide zawatchukitsa, ndipo pa YouTube pali azungu ambirimbiri akufukula ndalama zakale m'minda ya kwawo. Ndiye mwana wa ku Thyolo, yemwe wakula akuona minda ya tiyi ya zaka pafupifupi 100 ndi nyumba zakale za atsamunda, sangalephere kudzifunsa kuti: pansi apa pangalephere kukhala kanthu? Kanthu kalipo. Koma funsoli lili pawiri. Fizikisi ikuuzani pomwe makina angagwire ntchito, pomwe malamulo ndi mbiri ya malo zikuuzani pomwe phazi lanu lingaponde. Ndiyamba ndi fizikisi poti ndiyo yosavuta pa ziwirizi.

Chimalira n'chiyani?

M'mbale ija mulibe maginito ngati aja mumagumula mu sipikala yakufa. Muli waya wa mkuwa wokulungidwa mozungulira kambirimbiri, womwe timauti koyilo, ndipo makina ambiri amakhala ndi makoyilo awiri. Mu koyilo yoyamba mumadutsa magetsi osinthasintha mbali. Magetsi a ESCOM amasintha ka 50 pa sekondi. A mu ditekita wamba amasintha kuyambira ka 3,000 mpaka ka 30,000 pa sekondi, kutengera mtundu wa makina. Magetsi otere amapanga mphamvu ya maginito yomwenso imasinthasintha, ndipo imalowa m'dothi.

A Fomu 4, apa pafika electromagnetic induction yanu ija. Mu 1831 Michael Faraday anaonetsa kuti mphamvu ya maginito ikamasintha pafupi ndi chinthu chodutsa magetsi, m'chinthumo mumabadwa magetsi. Tsono ngati pansi pali ndalama yachitsulo, mkati mwake mumayamba timagetsi tozungulirazungulira, ngati mmene madzi a mu Thuchila amapotera akagunda mwala. Timagetsi timeneti ndi eddy currents. Natonso timapanga kamphamvu kathu ka maginito, kofooka kwambiri, ndipo n'kamene koyilo yachiwiri imakamva. Koyilo yachiwiriyi amaiika mochenjera kuti isamamve mkokomo wa inzake ili pambali pakeyo, izingomva yankho lochokera pansi. Ndi thiransifoma yomweyo ya m'buku lanu, kungoti iyi pakati pake palowa dothi ndi kobiri.

Chosangalatsa n'chakuti yankholi limabwera mochedwerako pang'ono, ndipo kachedwedwe kake kamasiyana malinga ndi chitsulo. Mkuwa ndi siliva zimadutsa bwino magetsi, ndiye zimayankha mwamtundu wina. Ayironi, chitsulo cha makasu ndi misomali, imakokedwanso ndi maginito, ndiye imayankha mwamtundu winanso. Makina amayeza kusiyanaku n'kusintha kaliridwe kapena kuonetsa nambala. Musawakhulupirire kwambiri. Mphete yagolide ndi kachitsulo kotsegulira chitini cha zakumwa zimatha kulira mofanana ndendende, ndipo chitsekerero cha botolo chadzimbiri chapusitsa anthu ambiri.

Nanga amamva mpaka pati? Apa ndi pomwe ambiri amakhumudwa. Chinthu chaching'ono chikakhala patali kuposa kukula kwa koyilo, mphamvu yopita pansi imachepa molingana ndi mtunda kuuchulukitsa katatu, ndipo yankho pobwerera limachepanso chimodzimodzi. Kuphatikiza ulendo wopita ndi wobwera, mtunda ukawirikiza kawiri yankho limafooka ka 2 × 2 × 2 × 2 × 2 × 2, ndiko kuti ka 64. N'chifukwa chake ditekita wamba imamva ndalama yachitsulo pa masentimita 20 kapena 30 okha, kutalika kwa rula yanu ya m'kalasi. Khasu lathunthu kapena mgolo zimamveka patali kuposa apo chifukwa ndi zazikulu. Munthu akakuuzani kuti makina ake amaona bokosi la ndalama mamita khumi pansi pa phiri, gwirani thumba lanu.

Vuto la kumva zinthu zolakwika ndi lakale ngati makinawo. Mu 1881 mtsogoleri wa dziko la America, James Garfield, atawomberedwa, Alexander Graham Bell, yemwe uja wa telefoni, anabwera ndi makina a makoyilo kuti apeze chipolopolo m'thupi mwake. Makina analira mosokonekera, chipolopolo sichinapezeke, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti bedi lomwe wodwalayo anagonapo linali ndi mawaya achitsulo.

Dothi lofiira la ku Thyolo

Kwathu kuno bedi la mawaya ndi dothi lenilenilo. Katondo amafiira chifukwa cha ayironi yosakanikirana ndi okosijeni, dzimbiri tingoti. Mitundu ina ya dzimbiri lotere, monga magnetite ndi maghemite, imakokedwa ndi maginito, ndipo pomwe panayakapo moto kawirikawiri, monga pa uvuni ya njerwa kapena pomwe ankaotcha zinyalala, maghemite amachuluka. Ditekita ikafika pamalo otere imangolongolola ngati wailesi yosowa siteshoni. Makina abwino ali ndi kabatani ka ground balance: mumakweza ndi kutsitsa mbale pamalo opanda chitsulo mpaka makina ataphunzira kuti ili ndi dothi chabe, asamalilabadire. Otsika mtengo kwambiri alibe, ndipo pa katondo amataya kuya kwina pa kochepa komwe ali nako. Pali mtundu wina wotchedwa pulse induction, womwe umatumiza magetsi mwa kaphulikaphulika n'kumvetsera mmene yankho likuzimiririra. Umenewu umapirira dothi lovuta, n'chifukwa chake ofuna golide amaukonda, koma ndi wodula ndipo susiyanitsa bwino msomali ndi mphete.

Chachiwiri, tiyi amakonda dothi la asidi, la pH yapakati pa 4.5 ndi 5.5. Onjezani mvula yambiri ndi chiperoni, mupeza kuti chitsulo cha ayironi sichikhalitsa: mpeni wa zaka 100 umasanduka chibuluma chofiira chomwe chimanyenyeka m'manja. Mkuwa umachita ndere yobiriwira koma umapirira, siliva amada, golide yekha ndiye amatuluka mmene analowera.

Zinthu zimagwa pomwe anthu amasonkhana

Chinsinsi chosankha malo n'chophweka: anthu amataya zinthu pomwe amakhala pansi, pomwe amapisa m'thumba, pomwe amalandira kapena kupereka ndalama. Pakati pa mizere ya tiyi si malo otere. Mitengo ya tiyi amaidulira kuti ilukane ngati tebulo lofika m'chiuno, ndiye mbale simungaiyendetse n'komwe, ndipo kukumba pamenepo n'kudula mizu ya mbewu yomwe mwini wake akuyembekeza kukolola kwa zaka makumi angapo. Iwalani zimenezo.

Malo omwe angakhale ndi mbiri ndi ena: pomwe panali makomboni akale a antchito, pomwe panali sikelo yoyezera masamba, pomwe ankalipirira malipiro, pa sitolo yakale, pa bwalo la mpira, m'mbali mwa njira yakale yopita kumtsinje. Zomwe zingatuluke pamalo otere si chuma cholemeretsa munthu, koma zimayankhula. Kobiri la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, lomwe linayamba kutuluka mu 1955, ndi lamkuwa, lili ndi bowo pakati ndi njovu ziwiri; latheka lake lili ndi akadyamsonga awiri. Pali tiki, pali masheleni a Malawi a 1964, kenako matambala oyambira 1971 pomwe kwacha inabwera. Ndalama yotere ikapezeka pansi pa maziko a nyumba imakuuzani kuti nyumbayo sinamangidwe chaka cholembedwa pa ndalamayo chisanafike. Kaganizidwe kameneka ndi komwe akatswiri ofukula zakale amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

Nanga malowo mungawadziwe bwanji popeza pano pamera bulugamu kapena makademiya? Ntchito yaikulu imachitika makina asanayatsidwe. Yambani ndi agogo. Nkhalamba yomwe inatchola tiyi m'zaka za m'ma 1960 ikhoza kukulozerani ndi ndodo kuti sikelo inali pansi pa mtengo uti. Kwa ine iyi ndiyo njira yopambana zonse, ndipo ndi yaulere. Ingokumbukirani kupita ndi kope, ndipo musapite chimanjamanja. Kenako mapu. A Dipatimenti ya Surveys ali ndi mapu a 1:50,000, momwe masentimita awiri akuimira kilomita imodzi, ndipo amaonetsa nyumba, misewu ndi njira za nthawi yomwe anajambulidwa. Kuwafananiza ndi zithunzi za Google Earth za lero kumaonetsa zomwe zinasowa. Ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre kuli zolemba ndi zithunzi zakale. Kachenjezo kakang'ono: atsamunda ankalemba kuti Cholo, osati Thyolo, ndipo Mulanje ankamulemba Mlanje. Mukafufuza ndi dzina la lero mudzaganiza kuti kulibe kanthu.

Zaka zina zikuthandizani kuyeza zomwe mwamva. Mishoni ya Malamulo ku Makwasa inayamba mu 1902. Njanji yodutsa pa Luchenza kupita ku Blantyre inatsegulidwa mu 1908. Esiteti ya Satemwa anaiyambitsa ndi Maclean Kay mu 1923. Choncho wina akati pamalo pena panali fakitale ya tiyi "nthawi ya Livingstone", mudziwa kuti nkhaniyo yatambasuka ndi zaka zambiri.

Malo alionse ali ndi mwini

Tsopano tafika povuta. Tinene kuti mwapeza pomwe panali komboni yakale, palibe mpanda, palibe chikwangwani, pangomera udzu. Kodi mungalowe? Ayi. M'Malawi mulibe malo opanda mwini. Malamulo a malo a 2016 amazindikira malo a boma, malo a munthu kapena kampani, ndi malo a makolo omwe mafumu ndi makomiti a m'midzi amayang'anira. Maesiteti monga Satemwa, Conforzi, Naming'omba, Makandi ndi a Eastern Produce ndi malo a makampani, kuphatikizapo nkhalango zawo, madamu ndi misewu ya m'kati. Kuti anthu amadutsamo popita kumsika sikutanthauza kuti mungaimemo n'kukumba. Kulowa pamalo a mwini popanda chilolezo n'kuyamba kuwonongapo ndi mlandu womwe ungakufikitseni kupolisi, ndipo wa Fomu 4 akhoza kulembera MSCE ali pa belo.

Kuti mumvetse chifukwa chomwe mlonda wa pa esiteti sangasekerere munthu wonyamula khasu, muyenera kudziwa mbiri ya nthaka imeneyi. M'zaka za m'ma 1890 Harry Johnston anapereka kwa azungu zikalata zotchedwa Certificates of Claim, zowatsimikizira malo aakulu kuno ku mapiri a Shire. Anthu okhala pamalowo, pamodzi ndi Alhomwe omwe ankalowa kuchokera ku Mozambique, ankalipira lendi pogwira ntchito, lomwe ndi thangata lija la mu Hisitole. Mu 1953 ku Thyolo kunabuka zipolowe zomwe nkhani ya malo inali pakatikati pake. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 700,000 m'boma lino, pa malo ochepa otsala kunja kwa maesiteti. Pulojekiti ya Kudzigulira Malo, yomwe inayamba mu 2004, inasamutsa mabanja a ku Thyolo ndi Mulanje kupita ku Mangochi ndi Machinga chifukwa cha kuthinana komweku. Ndipo mu 2016 otsatira gulu la People's Land Organisation la Vincent Wandale analowa m'malo a esiteti ya Conforzi kuti agawane, apolisi n'kumanga anthu. Pa nthaka ya mbiri yotere, munthu woyeza ndi kukumba saoneka ngati mwana wochita sayansi. Kwa a esiteti amaoneka ngati wodzalanda malo. Kwa a m'mudzi amaoneka ngati wotumidwa kudzawalanda kamunda kotsala.

Palinso china chomwe sindichitenga mwanthabwala. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zitafala ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma oyandikana, anthu angapo anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ndipo ambiri mwa okayikiridwa anali alendo m'deralo kapena onyamula zinthu zosazolowereka. Anamapopa kulibe, koma mantha analipo ndipo miyala inali yeniyeni. Ganizirani achinyamata atatu osadziwika, m'mawa kuli nkhungu, atavala zomvera m'makutu, akuyendetsa chipangizo cholira m'mphepete mwa mudzi. Chilolezo pano si ulemu wokha, ndi chitetezo cha moyo wanu.

Makomo atatu ogogoda

Khomo loyamba ndi la mwini malo. Pa esiteti, mwini mawu si mlonda wa pageti kapena kapitawo. Iwo alibe mphamvu yokulolani, ndipo mukawanyengerera ndi ya sopo mukuika ntchito yawo pachiswe. Wopempha ndi manijala, kudzera m'kalata. Ndipo kunena zoona, kalata ya mwana mmodzi sipita patali. Yomwe imawerengedwa ndi yochokera kusukulu, yosainidwa ndi ahedi, yokhala ndi chidindo, yopempha m'dzina la kalabu ya sayansi kapena ya Hisitole, yotchula mphunzitsi yemwe adzakhalepo.

Kalatayo mudzailemba m'Chingerezi, koma mutu wake ndi uwu: manijala akufuna kudziwa kuti mudzamuonongera chiyani. Ndiye muuzeni asanafunse. Tchulani malo enieni, ndi kamapu kojambula pamanja, osati "pa esiteti yanu" ayi. Tchulani tsiku, maola ndi chiwerengero cha ophunzira. Nenani kuti simudzalowa mu tiyi, mu nazale kapena kufakitale, kuti mudzagwiritsa ntchito kafosholo kam'manja osapitirira kuya komwe mwagwirizana, kuti dzenje lililonse mudzalikwirira, kuti zinyalala zachitsulo mudzazitola, ndiponso kuti chilichonse chopezeka mudzamuonetsa musanatuluke pageti. Pemphani kuti akuuzeni pomwe padutsa mapaipi ndi mawaya a pansi, ndipo ngati n'kotheka akupatseni wantchito mmodzi woyenda nanu. Yankho likhale lolembedwa, ndipo tsikulo kalata ikhale m'thumba la aphunzitsi. Nthawi yopempha ndiyofunikanso: kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo tiyi amakhala pachimake, mafakitale sagona, palibe yemwe angakhale ndi mpata wa kalata yanu. Pemphani m'chilimwe.

Akhoza kukana, ndipo ali ndi zifukwa zomveka: wina akalumidwa ndi njoka kapena kuthyoka mwendo pamalo awo, funso limabwera kwa iwo. Ndinapemphapo pa esiteti ina m'malo mwa ana a kalabu, yankho linabwera patatha milungu ingapo, la mizere iwiri, lokana. Tinayamika n'kupita kwina. Kukana kwa ofesi sikuthetsedwa polowera kuseri kwa bulugamu Lamlungu.

Khomo lachiwiri ndi la mfumu. Pa munda wa makolo, mwini munda avomere kaye, kenako nyakwawa adziwe. Ngakhale pomwe esiteti yavomera, ngati malowo achita malire ndi mudzi, kauzeni amfumu. Musapite nokha, pitani ndi kholo kapena mphunzitsi, makina muwatenge, ndipo muwayatse pabwalo pomwepo. Mawu ake safuna kukometsera: "Zikomo mfumu, ife ndi ana anu a pa sekondale apa. Tabwera kudzapempha kuti tiyesere makina awa pa bwalo lakale lija. Amangomva zitsulo basi, taonani." Ikani khasu pansi, lilire, ikani chinangwa, likhale chete, apatseni nduna ziyese zokha. Mphindi khumi zimenezi zimazimitsa mphekesera zomwe zikanayenda mudzi wonse.

Amfumu ndi omwenso angakuuzeni pomwe simuyenera kuyandikira n'komwe. Mukaona kachitsamba ka mitengo yachilengedwe katatsala pakati pa tiyi kapena pakati pa minda, musathamangire kuganiza kuti anangokaiwala. Kena ndi kotetezera kasupe, koma kena ndi manda a mudzi womwe unalipo tiyi asanabwere. Kumanda sikufufuzidwa, kaya wina wavomera kaya ayi. Mwambo umaletsa, lamulo la dziko limaletsanso. Chimodzimodzi malo a nsembe. Nkhalango ya boma ya m'phiri la Thyolo ili pansi pa lamulo la nkhalango la 1997, ndiye kumeneko mwini mawu ndi a Dipatimenti ya Zankhalango. M'mbali mwa njanji namonso ndi moletsedwa, ndipo chitsulo cha njanji, ngakhale chadzimbiri chotani, si chotola.

Khomo lachitatu ndi lomwe ambiri salidziwa. Mavidiyo a ku England aja amasocheretsa chifukwa lamulo lawo ndi lina. Kumeneko, mu 2009, Terry Herbert anapeza golide wakale wolemera makilogalamu pafupifupi 5 m'munda wa mlimi wina ku Staffordshire, atapempha chilolezo. Anakanena kuboma, akatswiri anayika mtengo wa mapaundi 3.285 miliyoni, nyumba zosungira zakale zinagula, iye ndi mlimiyo n'kugawana pakati. Lamulo lawo la 1996 ndi lomwe limakonza zotere. Kwathu tili ndi Monuments and Relics Act ya 1990. Mwachidule, lamuloli limati zinthu zakale za mbiri zopezeka pansi kapena pamwamba pa nthaka ndi za boma, kukumba pofunafuna zinthu zotere kumafuna chilolezo cha boma, wozipeza mwangozi ayenera kukanena, ndipo kuzitulutsa kunja kwa dziko popanda chilolezo ndi mlandu. Oyang'anira ndi a Dipatimenti ya Museums and Monuments, omwe mungawapeze ku Chichiri Museum mu Blantyre. Tanthauzo lake ndi lakuti manijala kapena amfumu angakuloleni kuponda pamalo, koma sangakupatseni mkondo wakale kapena chibangili chamkuwa cha makolo, chifukwa si zawo. Ngati cholinga chanu ndi malo akale enieni, kalata ina ipite ku dipatimentiyi musanakumbe. Golide wa m'nthaka nayenso ali ndi lamulo lake, la migodi la 2023: miyala yamtengo wapatali ndi ya dziko, ndipo kuifufuza kumafuna laisensi ngakhale munda uli wa agogo anu.

Mwina mukuti boma likungofuna kudya lokha. Ine ndimaliona mwina, ndipo chifukwa chake ndi cha sayansi. Dothi limaunjikana m'magawo, lakale pansi, latsopano pamwamba. Pomwe Yusuf Juwayeyi anafukula pa Mankhamba ku Dedza, likulu la Amaravi, anapeza zinthu zamkuwa, mikanda yagalasi, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale za ku China. Chomwe chinapangitsa zinthuzi kufotokoza mbiri ya malonda a Amaravi n'chakuti chilichonse chinalembedwa kuti chinali mu gawo liti, pafupi ndi mapale ati, pafupi ndi makala ati. Makalawo ndi omwe amayezedwa zaka pogwiritsa ntchito carbon-14, yemwe amatha ndi theka pa zaka 5,730 zilizonse. Ditekita simva makala, simva mapale, simva mikanda. Munthu wongothamangira kulira kwa makina amaboola magawo onsewo, kuzula mkuwa, zotsalazo n'kuzimwaza. Mkuwawo umatsala, koma zaka zake ndi nkhani yake zapita, ndipo palibe katswiri angazibwezeretse.

Poyambira pabwino

Ndiye poyambira ndi pati? Pabwalo la sukulu yanu, ahedi atavomera, ndi pakhomo panu, makolo atavomera. Musanyoze. Pangani kamunda koyesera: kwirirani ndalama yachitsulo, msomali, kachidutswa ka waya wamkuwa ndi chitsekerero cha botolo pa masentimita 5, 10, 15 ndi 20, mulembe pomwe chilichonse chili, kenako muyeze kuti makina akusiya kumva pati. Bwerezani pa katondo ndi pa mchenga wa kumtsinje, dothi litauma ndiponso litanyowa. Jambulani girafu. Imeneyo ndi pulojekiti yathunthu ya science fair, ndipo muona ndi maso anu mmene yankho limagwera msanga kuya kukamawonjezeka. Khalani patali ndi mawaya a magetsi ndi thiransifoma chifukwa zimalowetsa phokoso mu koyilo, ndipo kukayamba ziphaliwali zimitsani, mpiniwo ndi wachitsulo.

Makinawa amathandizanso pa zinthu za tsiku ndi tsiku: makiyi a njinga yamoto ogwera mu udzu, mphete yotayika pochapa, paipi yomwe aiwala pomwe inadutsa. Nthawi zina amapeza bikoni, kachitsulo kozikidwa mu simenti kosonyeza malire a malo. Imeneyo isiyeni momwe ilili. Kuisuntha ndi mlandu, ndipo zoti pansi pa mabikoni a atsamunda pali mekyule kapena ndalama ndi bodza lomwe laphwanyitsa zizindikiro zambiri za oyeza malo popanda wopezapo kanthu.

Chinthu chimodzi chofunika kuchidziwa musanakumbe paliponse, makamaka cha kumunsi kufupi ndi mtsinje wa Ruo, komwe tachita malire ndi Mozambique. Makinawa anakula chifukwa cha nkhondo: msilikali wa ku Poland, Józef Kosacki, anapanga ofufuzira mabomba okwirira mu 1941, ndipo anagwira ntchito pa nkhondo ya El Alamein mu 1942. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inatha mu 1992, ndipo dzikolo linalengeza mu 2015 kuti lachotsa mabomba okwirira m'malo onse odziwika. Komabe zipolopolo ndi zida zina zotsalira sizivunda ngati chinangwa. Mukafukula n'kuona chitsulo choulungika, chonga botolo kapena chitini chokhala ndi zipsepse kapena kapini, musachigogode, musachinyamule, musachiponye pamoto kuti muone. Bwererani momwe munadzera, ikani chizindikiro chapatali, kauzeni amfumu ndi apolisi.

Chikakhala chinthu chooneka chakale koma chosaopsa, monga mutu wa mkondo, chibangili, kapena ndalama zambiri pamodzi, lekani kukumba pomwepo. Jambulani chithunzi chili m'dzenje momwemo, rula ili pambali. Lembani kuya kwake, mtundu wa dothi, tsiku, ndi manambala a GPS a pa foni. Musachikweche ndi mchenga, phulusa kapena mandimu, chifukwa ndere yobiriwira ija nthawi zambiri ndi yomwe yasunga zolemba ndi zokongoletsa. Kwirirani pang'ono, uzani aphunzitsi ndi mwini malo, iwo adziwitse ofesi ya DC kapena a ku Chichiri Museum. Chithunzicho musachiike pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp ndi dzina la malo, chifukwa m'mawa mwake mudzapeza pamalopo pali maenje khumi.